Kudzutsa Bongo Wovulala ndi Mphamvu ya Magetsi

Munthu akavulala kwambiri m'mutu, kaya pa ngozi ya galimoto kapena pomenyedwa, si kawirikawiri kuti abwerere mwakale. Ena amagona zaka zambiri maso ali otsegula, koma osalankhula, osatha ngakhale kumeza chakudya. Ena amadzuka n'kumayenda ndithu, koma maganizo amalemera, mwakuti kuwerenga tsamba limodzi lokha kumawatopetsa.

Pakatikati pa bongo pali kachigawo kotchedwa thalamus, kamene kamalumikiza mbali zina za bongo ndi kuzisunga zili tcheru. Pa ngozi, mitsempha yambiri yofika kumeneku imaduka. Mbali zimene zapulumuka zimakhala ngati makala okwiririka ndi phulusa: moto ulipo, wasowa woukupizira.

Kukupizirako ndiko madokotala ena akuyesa. Amaboola timabowo m'chigaza, nalowetsa timawaya mpaka ku thalamus. Timawayato amatilumikiza ku kabatire kobisika pansi pa khungu la pachifuwa, kamene kamatumiza magetsi ochepa kwambiri. Njirayi imatchedwa deep brain stimulation, ndipo si yachilendo: madokotala a ku Grenoble, m'dziko la France, anayamba kuthandiza nayo odwala onjenjemera mu 1987.

Kuigwiritsa ntchito pa ovulala m'mutu kunamveka kwambiri mu 2007, pamene Dr. Nicholas Schiff wa ku New York ndi anzake analengeza za bambo wa zaka 38 amene anakhala zaka 6 akungozindikira pang'ono atamenyedwa. Atayatsa magetsi, bamboyo anayamba kutchula maina a zinthu, kutafuna ndi kumeza. Amene anadwazikapo wodwala wodyera m'chubu adziwa kukula kwake kwa zimenezi.

Mu 2023 Dr. Schiff ndi madokotala a ku Stanford analengezanso za odwala 5 amene anali atavulala zaka 3 mpaka 18 m'mbuyomo. Magetsi ankayaka maola 12 pa tsiku kwa masiku 90. Powayesa kulumikiza manambala ndi malembo motsatana, liwiro lawo linakwera ndi magawo 32 pa 100 alionse, tikawatengera pamodzi.

Komabe tisathamange. Anthu asanu ndi ochepa, ndipo magetsi saukitsa mbali ya bongo imene inafa, amangolimbikitsa zotsala. Opaleshoniyi ingathenso kuyambitsa kukha magazi m'bongo kapena kulowetsa tizilombo pa bala. N'chifukwa chake kwa ovulala m'mutu njirayi ikadali yoyesera, ndipo ikuyembekeza kafukufuku wa odwala ambiri.