Mlatho wa Mwala ndi Bwato la pa Doko

Pamalo pomwe mtsinje wa Donau, umene ena autcha Danube, ufika kumpoto kwenikweni kwa ulendo wake m'dziko la Germany, nulandira madzi a Naab ndi Regen usanakhotere kumwera chakum'mawa, pali mzinda wa makedzana wotchedwa Regensburg. Chiyambi chake chinali linga la asilikali a Aroma, amene m'chaka cha 179, m'masiku a mfumu Marcus Aurelius, anaunjika miyala ikuluikulu kuti alonde malire a ufumu wawo. Ndipo chipata china cha lingalo, Porta Praetoria, chikadaimabe kufikira lero lino pambali pa khwalala lomwe anthu adzeramo popita kuntchito.

Komatu chimene chinakweza mzindawo sindicho lupanga ayi, koma powolokera. Kuyambira 1135 kufikira 1146 eni mudzi anamanga mlatho wa mwala wa mphako 16, wotalika kupitirira mamita 300, umene kwa zaka mazanamazana unakhala wokhawokha pamenepo. Kotero kuti amalonda opita ku Venice ndi ku Kiev, pokhala opanda njira ina, anadzera pomwepo, nasiyapo msonkho. Chuma chitasefukira, mabanja olemera anayamba kupikisana pomanga nsanja zazitali pa nyumba zawo, ndipo mu 1245 mfumu Friedrich Wachiwiri anapatsa mzindawo ufulu wodziweruza wokha. Koma mtsinje sunagonje konse. Mizati ya mlathowo n'njonenepa kwambiri, mwakuti madzi popanikizika pakati pake atuluka ndi ukali, nachita dzumi. Ndipo ngalawa za mchere, zimene akavalo ankazikoka ndi zingwe kuchokera ku Passau kukwera nazo mtsinje, zikafika pamenepa zinkasauka ndithu. M'mphepete mwa mlathowo anamangamo nkhokwe yaikulu ya mchere pakati pa 1616 ndi 1620, ndipo pafupi nayo pali kanyumba kootcherako masoseji pamakala, komwe amtengatenga a padoko ankadyera, kamene madzi akhala akukamiza kawirikawiri, eni ake nakolopa matope, nasonkhanso moto. Pakuti madzi saiwala khwawa.

Ifenso kwathu kuno mchere tinaudziwa mtengo wake, ndipo doko tinalilemekeza. Amang'anja a ku chigwa cha Shire ankapala dothi la mchere, nalitcheza ndi madzi, naphika mcherewo m'miphika kufikira madzi ataphwa, nkukausinthanitsa ndi makasu kwa anthu a kumtunda. Koma mlatho wathu unali munthu. Wapaulendo akafika padoko ankayamba waodira, nalonjera, nanena kumene achokera ndi kumene alinga. Ndipo mwini bwato, amene ankadziwa dziwe lililonse lokhala mvuu ndi gombe lililonse lowothera ng'ona dzuwa, ndiye ankamuwolotsa, mbiri ya mlendoyo nifika kwa mfumu iye asanaponde tsidya. Ndiyesa kuti m'menemo munali ulemu umene mwala sungaphunzitse, pakuti pamlatho munthu awoloka wosadziwika, koma m'bwato moyo wako uli m'manja mwa mnzako.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kasungidwe ka mbiri. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene Kalonga ankaweruzira Amaravi, palibe khoma lotsala. Anachita kukumba pansi akatswiri a zakale, motsogozedwa ndi Yusuf Juwayeyi, kuti apeze mapale, mikanda, mkuwa, minyanga ndi zibenthu za mbale zochokera ku China, zochitira umboni kuti nafenso tinali pa njira ya malonda a dziko lonse. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona ndi wa mitengo ndi udzu, ndipo akafumbwa, anthu asonkhana nammanganso monga anachitira makolo awo. Mjeremani asunga nyumba yake ya makedzana. Ife tisunga kamangidwe kake ndi msonkhano wa omanga. Amene anena kuti tilibe mbiri chifukwa tilibe mabwinja a miyala, sanamvetse chimenechi, ndipo ndimkana kwamtuwagalu.

Ngakhale zili tero, pali chinthu chimodzi chimene mwala utiposa nacho, ndicho kukana kubisa tchimo. M'mwezi wa February 1519, mfumu Maximilian, amene ankatchinjiriza Ayuda, atangotsikira kuli chete, akulu a mzinda wa Regensburg, umene chuma chake chinali chitayamba kuphwa, anapirikitsa Ayuda onse okhala pakati pawo, nagwetsa sunagoge wawo, nafukula manda awo, natenga miyala ya pamanda kukamangira nyumba. Miyalayo, yolembedwa m'Chihebri, ikuonekabe m'makoma ena. Ndipo pamene anakumba bwalo la Neupfarrplatz pakati pa 1995 ndi 1998, anapeza zipinda zapansi za nyumba za opirikitsidwawo, zimene lero mlendo angatsikiremo ndi kuziona ndi maso ake. Adzukulu a olakwawo sanazikwirirenso, ndipo pa ichi ayenera ulemu.

Nanga ife? Pa gombe la Nkhotakota, m'zaka za m'ma 1800, Jumbe ankasonkhanitsa abale athu ogwidwa ukapolo, nawakweza m'zombo kuwolokera tsidya la nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene Jumbeyo anakumanirana pansi pake ndi David Livingstone tiuloza kwa alendo, maina a akulu awiriwo tiwatchula. Koma a iwo omangidwa m'magoli, amene anachokera m'midzi ya Achewa, palibe mwala wowatchula, ndipo pakamwa, pochita manyazi kapena poopa kudzutsa chidani pakati pa mabanja okhalirana lero, pasankha zonena. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma nthawi zina azimitsa ndi nkhani yomwe. Zotsalazo zili ndi nkhalamba zowerengeka za ku Linga, ku Nkhotakota komweko, ndi midzi yozungulira, zimene zinamva kwa agogo awo kuti uje anagwidwa ali kumunda, uje anagulitsidwa ndi atsibweni ake pa njala; ndipo ndikhumba ndi mtima wonse kuti aphunzitsi a kumeneko atume ana awo ndi kope ndi pensulo, akakhale pamphasa, afunse maina amenewo ndi midzi yake, awalembe.