Galu wodwala impso safuna mafupa

Galu akayamba kuonda, ambiri a ife timathamangira kubutchala kukagula mafupa, kapena kumuwonjezera usipa pa nsima yake kuti thupi libwerere. Mtima wake ndi wabwino ndithu, koma ngati vuto lili mu impso, tikungomufupikitsira moyo.

Chimene chimandiwawa ine pa matendawa n'chakuti amabisala. Pamene galu ayamba kumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a impso amakhala atasiya kale kugwira ntchito. Kenako pamabwera kusanza, kukana chakudya ndi kununkha m'kamwa. Pa matenda a impso okhalitsa, chomwe chawonongeka sichibwereranso. Ntchito yathu ndi kuteteza chotsalacho, ndipo mankhwala aakulu ali m'mbale yodyera.

Mdani wamkulu ndi phosphorus, umodzi mwa michere ya m'zakudya. Impso zabwino zimatulutsa wotsala kudzera m'mkodzo, koma zodwala zimalephera, ndiye amaunjikana m'magazi n'kumawononganso impso zomwezo. Nanga amapezeka kuti wambiri? M'mafupa, m'chiwindi, mu mkaka, mu yolk ya dzira, komanso mu usipa, bonya ndi matemba, poti tinsombati timadyedwa ndi minga yomwe.

Kusintha chakudya kumathandiza zedi. Kafukufuku wa ku University of Minnesota ku America, yemwe adatuluka mu 2002, adapeza kuti agalu odwala impso omwe ankadya chakudya chapadera adakhala moyo masiku pafupifupi 594, pomwe anzawo a chakudya chawamba adakhala masiku 188 okha.

Chakudya chotere chilipo chogula, monga Hill's k/d ndi Royal Canin Renal, koma tinene zoona, mtengo wake si wa aliyense. Wophika yekha angadalire mpunga woyera, choyera cha dzira chophika, kanyama pang'ono kopanda fupa ndi timafuta topatsa mphamvu. Mchere wothira m'ndiwo ayi, choncho makombo a patebulo asiyeni. Komabe musamumane nyama kotheratu, chifukwa galu wosowa zomanga thupi amayamba kudya minofu yake yomwe. Muyeso wake akupatseni dokotala wa ziweto atayeza magazi ndi mkodzo. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA.

Pa zowonjezera, pali ziwiri zomwe ndimazikhulupirira. Choyamba ndi mafuta a nsomba a omega-3, omwe amachepetsa kutupa mu impso. Koma cod liver oil ayi, ali ndi mavitamini A ndi D ochuluka omwe angamupweteke. Chachiwiri ndi mankhwala monga calcium carbonate ndi aluminium hydroxide, omwe amagwira phosphorus m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Amenewa amagwira ntchito akaperekedwa limodzi ndi chakudya basi, ndipo mlingo wake anene ndi dokotala.

Chonde abale, brufen ndi diclofenac wathu uja musampatse galu, amawononga impso. Mphesa nazonso, zaziwisi kaya zouma, ndi poizoni kwa iye.

Chakudya chatsopano chilowe pang'onopang'ono, mukusakaniza ndi chakale kwa sabata imodzi kapena awiri, chifukwa wodwala impso sachedwa kunyansidwa. Ndipo ngakhale akukodza pakhonde usiku, musamubisire madzi. Madziwo ndi amene akumusunga.