Nyanja yakutali imene imasokoneza mvula yathu

Alimi a m'chigawo chakummwera sadzaiwala February wa 2024. Chimanga chinali chitayamba kumasula pomwe mvula idadula, ndipo mu March boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. M'midzi ina ndidamva anthu akuloza chala nkhalamba ati zamanga mvula. Agogowo adalibe mlandu. Gwero la ng'amba ija lidali kutali, panyanja yamchere ya Pacific.

Nthawi zambiri mphepo ya panyanjayi imakankha madzi otentha kuchokera ku Peru kulowera ku Indonesia. Pakapita zaka ziwiri mpaka 7, mphepoyi imafooka ndipo madziwo amabwerera m'mbuyo. Monga mukudziwa, madzi otentha ndiwo amatulutsa nthunzi yambiri, ndipo nthunziyo ndiyo mitambo. Choncho madziwo akasamuka, mitambo imawatsatira, ndipo mphepo zobweretsa mvula m'madera akutali nazo zimasokonekera. Izi ndiye amati El Niño, dzina lomwe adapereka asodzi a ku Peru.

Sitilira tokha. Ku India, kumene amadalira mvula ya June mpaka September, nthawi zambiri mvulayo imachepa m'chaka chotere. Koma ku Kenya ndi Somalia kumakhala madzi osefukira, monga zidachitikira kumapeto kwa 2023. Dziko lathu lili pakati: kummwera kumauma, pomwe kumpoto, monga ku Karonga, mvula imatha kuchuluka. N'chifukwa chake mlimi wa ku Nsanje asamatengere zochita za mnzake wa ku Chitipa.

Ubwino wake ngwakuti nyanjayi imayamba kutentha miyezi ingapo dzinja lathu lisanafike. A zanyengo amakhala ataona kale, ndipo amalengeza ulosi wa boma lililonse mvula isanayambe. Mvetserani ulosiwo musanagule mbewu, osati mutagula kale.

Akati kuli El Niño, gulani chimanga chocha msanga, ndipo chisatenge munda wonse. Siyirani malo mapira, chinangwa, mbatata ndi khobwe. Musabzale ndi chizimalupsa. Dikirani nthaka inyowe mokwanira. Ikani ngonyeka m'mizere kuti madzi asathawe, phimbirani ndi mapesi, thirani manyowa. Za mapesizi ndimalimbikira kwambiri, chifukwa m'minda imene ndidayendera chaka chija, chimanga chophimbira chinkakhalabe chobiriwira pomwe cha pamtetete chitafota kale. Amene muli ndi dimba, sungani mbewu ina padera yoti mudzabzale ikadzalephera ya kumunda.