Kodi mapiritsi a vitamini D ndi amene athetse ziphuphu?

Musathamange abale, sitikunena ziphuphu zija zimene a Anti-Corruption Bureau amasaka m'maofesi. Tikunena za kumaso, zimene zasowetsa mtendere atsikana ndi anyamata ambiri kuno ku Salima.

Mphekesera yafala kuchokera pa Kamuzu Road mpaka kumadooko a ku Senga Bay yoti ukamamwa mapiritsi a vitamini D nkhope imasalala ngati ya khanda. Nanenso ndinakopeka. Ndinagula botolo limodzi kwa mayi wina woyenda ndi chikwama, n'kumwa miyezi iwiri. Chimene chinasalala ndi thumba langa basi.

Nkhaniyitu ili ndi pamene inayambira. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2016, madokotala a ku South Korea anayeza magazi a anthu 80 a ziphuphu ndipo anapeza kuti pafupifupi theka anali operewera vitamini D. Ena mwa operewerawo atawapatsa mapiritsi kwa miyezi iwiri, ziphuphu zotupa zija zinachepako. Koma taonani, anathandizidwawo ndi amene vitaminiyu anali wochepa kale m'thupi. Ngati wanu ndi wokwana, kuonjezera kuli ngati kuthira madzi m'ndowa yodzadza.

Ndipo vitamini ameneyu thupi limapanga lokha khungu likaombedwa ndi dzuwa, kenaka chiwindi ndi impso zimamalizitsa ntchitoyo. Amapezekanso mu nsomba zamafuta ndi mu chikasu cha dzira. Nanga mayi woyanika usipa pathandala tsiku lonse, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, angasowe bwanji dzuwa?

Sindikuti aliyense ndi wokwana ayi. Khungu lakuda limachedwerapo kupanga vitaminiyu, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti pa anthu atatu alionse a mu Africa, mmodzi amapereweredwa. Inu amene mumabindikira m'shopu kuyambira m'bandakucha mpaka mdima mukhoza kukhala m'gulu limenelo. Koma chodziwira ndi kuyezetsa magazi, osati kuyang'ana pagalasi.

Choopsa n'chakuti vitamini D satuluka msanga m'thupi, amaunjikana. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 600 IU patsiku, ndipo akatswiri amati osapyola 4,000. Mukamangokwidzinga mapiritsi amphamvu miyezi ndi miyezi, kashiamu amachuluka m'magazi: nseru, ludzu, kukodza pafupipafupi, mapeto ake timiyala mu impso. Onani nambala yolembedwa pabotolo musanameze.

Ziphuphu zenizeni zimayamba timabowo ta pakhungu tikatsekeka ndi mafuta a m'thupi, tizilombo n'kuswana momwemo. Apa ndiye pali nkhani imene ambiri safuna kuimva. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala a steroid monga betamethasone ndi clobetasol. Masabata oyamba nkhope imawala, anzako n'kumakuyamikira. Kenaka ziphuphu zimabuka zambirimbiri, khungu limapyapyala. Ndiye munthu m'mawa akumwa piritsi lochotsa ziphuphu, usiku akudzola mafuta oziitana!

Amene mwadzola mafuta oterewa nthawi yaitali, pitani nayo chubuyo ku chipatala cha boma cha Salima akakuuzeni kasiyidwe kake, chifukwa kusiya mwadzidzidzi nkhope imayabwa ndi kutupa. Mankhwala odziwika a ziphuphu monga benzoyl peroxide amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti muone kusintha, ndipo amasasula mtundu wa nsalu. Chenjerani nacho chitenje chanu chatsopano.