Mpata wa msoko posoka nsalu ya zigamba

Mpata wa msoko ndi kansalu kamene kamatsala pakati pa mzere wa ulusi ndi m'mphepete mwa nsalu momwe mwadulidwa. Atelala ambiri amangoutchula kuti alawansi. Posoka malaya kapena diresi, mpatawu nthawi zambiri umakhala wa masentimita 1.5, ndipo ukaphonyeka pang'ono palibe amene amazindikira. Posoka nsalu ya zigamba, monga chofunda cha pabedi, chikwama kapena nsalu ya patebulo yolumikiza tizidutswa ta zitenje, mpata umakhala waung'ono kwambiri ndipo uyenera kufanana pa msoko uliwonse. Ukamasinthasintha, makona a zigamba sakumana ndipo chofunda chimachita makwinya.

Miyeso yodziwika

Ku America ndi ku Britain, kumene luso losoka zofunda za zigamba lili ndi mabuku ambiri, muyeso wozolowereka ndi kota ya inchi, yomwe ndi mamilimita 6.35. M'maiko ena a ku Ulaya amagwiritsa ntchito mamilimita 7.5, chifukwa masamu ake ndi osavuta: chigamba chimene chiyenera kuoneka cha masentimita 10 chikasokedwa chimadulidwa pa masentimita 11.5. Tepi imene atelala a ku Malawi amakoleka m'khosi imakhala ndi mainchi mbali ina, masentimita mbali inayo, choncho miyeso iwiri yonseyi ndi yotheka. Chofunika ndi kusankha umodzi ndi kusausintha mpaka ntchito itatha. Mpata wochepera mamilimita 5 si wabwino, chifukwa nsalu imayamba kuyoyoka ikachapidwa kangapo ndipo msoko umatseguka.

Zigamba za makona atatu zili ndi lamulo lake. Ngati sikweya idzadulidwa pakati mopingasa kuti ipereke zigamba ziwiri zotere, osoka oyeza m'mainchi amawonjezera 7/8 ya inchi pa muyeso womaliza, osati theka la inchi ngati pa sikweya wamba.

Chifukwa chake milimita imodzi ili ndi kanthu

Msoko uliwonse umadya nsalu mbali ziwiri. Wosoka akapitirira ndi milimita imodzi yokha, msokowo wadya mamilimita 2. Mzere wa zigamba 20 uli ndi misoko 19, ndiye kuti mzerewo ufupika ndi mamilimita 38, pafupifupi masentimita 4. Mizere yonse ikafupika mofanana, vuto silikula: chofunda chimangochepako. Vuto lenileni limabwera pamene chigawo cha tizigamba tambirimbiri chikulumikizidwa ndi nsalu yathunthu yopanda msoko, monga lamba wozungulira m'mphepete mwa chofunda. Nsalu yathunthuyo imakhala yaitali kuposa inzake. Ambiri amangokoka yaifupiyo kuti zifanane, ndipo ndi pamene chofunda chimayamba kutukumuka pakati kapena kupindika m'makona. Simbi sichotsa makwinya otere. Chotsala ndi kumasula misoko, ntchito yodya tsiku lathunthu yomwe kasitomala salipira.

Makina a pakhonde ku Embangweni

Embangweni ili kummwera kwa boma la Mzimba, kufupi ndi malire a Zambia. Malowa anakula chifukwa cha mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anakhazikitsa mu 1902, ndipo lero pali chipatala cha mishoni ndi sukulu ya ana osamva, zonse za sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Monga pa Jenda ndi pa boma la Mzimba, atelala amakhala pakhonde la sitolo ndi makina opalasa ndi mapazi kapena opukusa ndi dzanja. Pansi pa tebulo pawo pamadzaza zidutswa za zitenje zotsala posoka madiresi. Zidutswazi sizigulidwa, ndipo dera la Mzimba limazizira kwambiri mu Juni ndi Julaye, kotero chofunda cha zigamba chokhala ndi bulangete lakale mkati ndi chinthu chaphindu. Chimene chimalowa ndalama ndi ulusi ndi nthawi.

Makina ambiri akuda a mtundu uwu, kuphatikizapo a Butterfly ochokera ku Shanghai, anapangidwa motsanzira makina a Singer otchedwa 15, amene kapangidwe kake kanayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ndi makina olimba ndipo amasoka mzere woongoka bwino, koma singano yake sisunthira kumanja kapena kumanzere monga imachitira pa makina amakono a magetsi. Malangizo a m'mabuku akunja akuti wosoka angosuntha singano sagwira ntchito pamenepa. Chimene chingasunthe ndi nsalu basi. Komanso kaphazi kopanikiza nsalu ka makinawa kali ndi zala ziwiri zosafanana kukula, ndipo timaphazi togula pamsika timasiyana m'lifupi. Wosoka amene amangotsata m'mphepete mwa kaphazi osayeza sadziwa mpata umene akusoka.

Kuika chizindikiro pa makina

Muyeso umayambira pa singano, osati pa kaphazi. Wosoka amatenga kapepala kolimba, n'kujambula mzere pa mamilimita 7.5 kapena pa kota ya inchi kuchokera m'mphepete mwake. Kenako amazunguza gudumu ndi dzanja mpaka singano itaboola pa mzerewo, n'kutsitsa kaphazi kuti pepala lisasunthe. Pamene pathera pepala kudzanja lamanja ndi pamene m'mphepete mwa nsalu muyenera kudutsa.

Pamalo amenewo amamata tepi yomatira. Ndi bwino kusanjikiza tepiyo kanayi kapena kasanu, kapena kumata kachidutswa ka katoni, kuti pakhale kampanda kamene nsalu imagunda. Mzere wongojambula umadalira maso, ndipo maso amatopa madzulo. Kampanda kamamveka ndi chala. Kampandaka kayambire kutsogolo kwa kaphazi, masentimita 5 kapena kuposerapo, kuti nsalu ifike pa singano ili yoongoka kale, ndipo kasatseke mano okoka nsalu. Makina ambiri akale ali ndi timabowo tamazinga pathupi pake, kumanja kwa singano. Timabowoti ndi tomangirapo kachitsulo kotsogolera nsalu, komwe kamabwera ndi makina ali atsopano ndipo nthawi zambiri ndi koyamba kusowa. Amene akadali nako asavutike ndi tepi.

Posoka, maso amayang'ana pa kampanda, osati pa singano.

Kuyesa usanayambe

Chizindikiro chokha sichikwanira, chifukwa nsalu ikapindidwa pa msoko, mpindowo ndi ulusi zimadyanso malo pang'ono. N'chifukwa chake osoka ozolowera amasoka mpata wochepa ndi ulusi umodzi kapena iwiri kuyerekeza ndi muyeso weniweni. Kuchepa kwake kumadalira kukhuthala kwa nsalu ndi kwa ulusi, ndipo kumadziwika poyesa.

Kuyesa kwake n'kotere. Wosoka amadula timizere titatu ta nsalu yomwe adzagwiritse ntchito, kalikonse masentimita 5 m'lifupi, n'kutilumikiza m'litali, n'kusita. Ngati mpata ndi wa mamilimita 7.5, kamzere kapakati kayenera kuoneka masentimita 3.5, ndipo tonse titatu masentimita 12. Woyeza m'mainchi amadula timizere ta inchi imodzi ndi theka. Kapakati kamatsala inchi imodzi, tonse pamodzi mainchi atatu ndi theka. Muyeso ukaperewera, kampanda kamasunthidwira kufupi ndi singano, ukapitirira, kamatalikitsidwa. Anthu awiri akamasoka chofunda chimodzi pa makina awiri, monga zimachitikira m'magulu a amayi, aliyense ayese makina ake ndipo afanizire zotsatira asanagawane zigamba.

Nsalu ndi simbi

Msoko wolondola sukonza chigamba chodulidwa mokhota. Ambiri amadula motsata chikombole cha katoni, koma katoni imadyeka m'mphepete ikagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo zigamba zomaliza zimatuluka zazing'ono kuposa zoyamba. Chikombole cha pulasitiki yolimba chimakhalitsa.

Zitenje nazo sizifanana. Zina ndi za thonje lenileni ndipo zimafupika zikachapidwa koyamba, zina ndi za poliyesita zomwe sizifupika koma zimaterera pansi pa kaphazi. Nsalu ya kaunjika inachapidwa kale kambirimbiri. Kusakaniza zonsezi osachapa kumapereka chofunda chooneka bwino pa tsiku logulitsa, chimene chimakhwinyata chikangolowa m'madzi. Zidutswa zonse zichapidwe ndi kusitidwa zisanadulidwe.

Kumayambiriro kwa msoko makina amakonda kumeza kona ya chigamba, ndipo kumapeto nsalu imakhotera kumanzere, mpata n'kuchepa. Kuyamba ndi kansanza kosafunika, kenako n'kulowetsa zigamba motsatizana osadula ulusi, kumathetsa vuto loyambalo ndipo kumapulumutsa ulusi. Kumapeto, chala chimodzi chigwire nsalu pa kampanda mpaka singano itatulukamo. Nsalu isakokedwe kumbuyo kwa kaphazi. Mano a makina amaikoka okha.

Posita, simbi ya makala kapena ya magetsi imaikidwa pa msoko n'kunyamulidwa, osaikhwekhwereza, makamaka pa zigamba za makona atatu zomwe mbali yake yopingasa imatamuka msanga. Mipata iwiri ya msoko imagonekedwa mbali imodzi, kawirikawiri ya nsalu yoderapo kuti isaonekere kunja. Mzere woyamba ukagonekedwa kumanja, wotsatira ugonekedwe kumanzere. Polumikiza mizere iwiriyo misoko imakolana yokha, ndipo wosoka amamva ndi chala kuti makona akumana singano isanafikepo.