Katemera wa DNA ndi zotupa za mahatchi otuwa

Kumpoto kwa Pretoria kuli Onderstepoort, komwe kuli sukulu yokhayo yophunzitsa madokotala a ziweto ku South Africa. Malowa adayambitsidwa ndi Arnold Theiler mu 1908, ndipo adatchuka polimbana ndi African horse sickness, nthenda yopha mahatchi m'masiku ochepa. Melanoma, khansa ya pakhungu, ilibe changu chotere, nchifukwa chake eni mahatchi amaiderera. Komatu pa mahatchi otuwa 10 alionse opitirira zaka 15, pafupifupi 8 amakhala nayo. Zotupa zake zakuda zimamera pansi pa mchira, potulukira ndowe, pamilomo ndi m'munsi mwa khutu. Zimatha kukhala zaka zambiri osavuta, kenako nkukula mpaka hatchi kulephera kuchita ndowe, kapena kufalikira m'kati mwa thupi. Mu 2008, gulu la Leif Andersson ku Uppsala, Sweden, lidapeza kuti gwero lake ndi kachigawo ka DNA kobwerezeka pa malo otchedwa STX17. Chomwe chimatuwitsa ubweya ndi chomwecho chimene chimaitana khansa. Mahatchi a Lipizzaner, omwe kwa zaka zambiri ankaonetsa luso lawo ku Kyalami, ku South Africa komweko, amabadwa akuda nkumayera akamakula chifukwa cha chibadwa chomwechi.

Vuto la khansa nlakuti chitetezo cha m'thupi chimaiona ngati mwana wa pakhomo. Chithandizo cha DNA chimafuna kuchitsegula maso chitetezocho. Mu 2001, akatswiri a ku Zurich adabaya m'zotupa za mahatchi otuwa DNA yolamula maselo kupanga interleukin-12, puloteni yodzutsa asilikali a m'thupi, ndipo zotupazo zidaphwa ndithu. Njira ina ndi Oncept, katemera amene boma la America lidavomereza kwathunthu mu 2010 kuti azithandiza agalu, ndipo madokotala ena amabayanso mahatchi. Muli DNA ya puloteni ya munthu yotchedwa tyrosinase. Thupi la nyama likaiona limati ndi mlendo, limayamba kuithira nkhondo, ndipo nkhondoyo imakagweranso maselo a melanoma omwe ali ndi puloteni yofanana nayo. Nyama imabayidwa kanayi motalikitsa milungu iwiri, kenako miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Mahatchi omwe adayesedwa ndi ochepa, zotupa nthawi zambiri zimangochepa osatheratu, ndipo mtengo wake ngwokwera. Choncho mwini hatchi asazengereze podalira katemera: kachotupa kakadali kakang'ono, dokotala akachotse ndi opaleshoni. Koma mpeni sufika pa zotupa zomwe zalowa kale m'kati, ndipo pamenepa chitetezo cha m'thupi, chomwe chimayenda ndi magazi paliponse, ndicho chingafike.

Enanso amati iyi ndi nkhani ya anthu achuma, pomwe ng'ombe za alimi zikufa. Sindikuvomereza kwenikweni. Melanoma ya mahatchi otuwa imamera pobisika dzuwa, monga momwe mwa anthu akuda imakonda kumera kuphazi ndi pansi pa chikhadabo. Ndi mtundu umenewu udapha Bob Marley mu 1981. Matenda awiriwa si amodzi, koma hatchi imadwala khansa yakeyake, yosachita kuikidwa ngati ya mbewa za kafukufuku, ndipo imakhala nayo zaka zokwanira kuti madokotala aone ngati chithandizo chikugwiradi ntchito, phunziro lomwe lingathandizenso anthu.