Spyware

Spyware ndi pulogalamu yaukazitape imene imalowa m'kompyuta kapena m'foni mwiniwake osadziwa, n'kumatumiza zinsinsi zake kwa munthu wina kudzera pa intaneti. Mtundu wina, wotchedwa keylogger, umasunga chilichonse chimene munthu walemba, kuphatikizapo mapasiwedi a imelo ndi a kubanki. Yotchuka kwambiri ndi Pegasus, ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, imene inamveka padziko lonse mu 2021 zitadziwika kuti inkazonda mafoni a atolankhani.

Kawirikawiri spyware imabisala m'mapulogalamu obedwa amene anthu amakopera mwaulere, m'malinki achinyengo, ndiponso m'ma flash disk. Mumzinda wa ophunzira ngati Zomba, kumene kuli University of Malawi, flash imodzi imatha kulowa mu laputopu ya mnzako, m'kompyuta ya pashopu yosindikizira mapepala, kenako n'kubwerera mu yako tsiku lomwelo. Kompyuta yogwidwa imatha kuyenda pang'onopang'ono ndi kumaliza bando msanga, koma spyware yopangidwa mwaluso siionetsa chizindikiro chilichonse.

Chitetezo choyamba n'chaulere: Microsoft Defender imabwera kale mu Windows 10 ndi 11. Vuto n'lakuti ambiri amazimitsa ma update pofuna kusunga bando, motero amasiya khomo losatseka. Windows 7 inasiya kulandira ma update mu Januwale 2020. Pakompyuta ya anthu onse, si bwino kutsegulapo akaunti ya kubanki.

Ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo.